Chipsera Chobwereka

Mayiyo anali pabenchi ya panja pa ofesi ya polisi chiyambire m'mawa. Apolisi awiri anali atamumvera kale, ndipo onse anamuuza zofanana: mwamuna akapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, umenewo si mlandu, ndi nkhani ya m'banja. Koma iye sanachoke.

Sajeni Kezia Kamwendo, wofufuza milandu amene anali atangosamutsidwira ku Mzimba kuchokera ku Dedza, anamupeza pomwepo masana. Anali ndi khanda kumbuyo, foni ataigwira ndi manja awiri.

"Lowani, mayi. Dzina ndani?"

"Selina. Kuno amandiitana NyaHara. Yewo chomene, amama."

Anayamba kufotokoza maso ali pansi. Mwamuna wake, Zondwayo, ankacheka matabwa ku Chikangawa. Ntchito itachepa, anaganiza zopita ku Joni ngati anzake. Ananyamuka mvula itangoyamba, atatengedwa ndi Kingstone, transipota wodziwika m'tauni amene amaperekeza anthu opanda mapasipoti. Nthawi imeneyo Selina anali woyembekezera. Tsopano chimanga chinali chitauma m'minda.

"Chipitire sanakupezeni pa foni?" anafunsa Kezia.

"Amalemba pa watsapu. Ndikaimba sayankha. Akuti foni inagwa pansi, mawu satuluka. Mwana uyu atabadwa ndinamufunsa dzina. Anayankha kuti patsa lililonse. Zondwayo yayi, amama. Dzina anali atasankha yekha mwana ali m'mimba. Angaiwale?"

"Anthu amasintha akapita kutali."

"Enya, amasintha. Mbwenu onani ichi."

Anamupatsa foni. Pachithunzi panali mwamuna wovala jekete lofiira, ataima kutsogolo kwa nyumba zitalizitali zamagalasi, atakweza dzanja lamanzere ngati akupereka moni.

"Werengani zala," anatero Selina.

Zinali zisanu.

"Makina ochekera anamudula chala chaching'ono tisanakwatirane. Kodi ku Joni zala zimamera?"

Kezia anakulitsa chithunzicho. "Mwina anakonzetsa. Masiku ano anthu amakonzetsa zithunzi kuti aoneke bwino."

"Wofuna kuoneka bwino amaikitsa chipsera?"

Kezia anayang'ananso. Pachibwano pa mwamunayo panali chipsera chokhota ngati mbedza, chakale, chopola bwinobwino.

"Nkhopeyi ndaipsompsona zaka zambiri," anatero Selina. "Chipsera chimenecho si chake. Ndapota, amama, ndifufuzireni. Amene akundilemberayu ndi ndani?"

Kezia anadzitumizira zithunzi zonse pa foni yake. Anafunsa amene anapita limodzi ndi Zondwayo. Selina anati anali atatu: Zondwayo, mnyamata wina wa ku Manyamula dzina lake Tumbikani, ndi mtsikana wa m'mudzi womwewo. Asananyamuke, Kingstone anawatengera onse ku situdiyo ya Knowledge pafupi ndi msika kukawajambulitsa zithunzi zambirimbiri, amati za mapepala a ntchito.

*

Ku Manyamula Kezia anapita pa njinga yamoto, fumbi likumulowa m'mano. Bambo ake a Tumbikani, a Mateyu Zimba, anawapeza akutonola chimanga pakhonde. Atamva kuti wabwera za mwana wawo anasangalala, n'kumulowetsa m'nyumba.

"Uyo apo," anatero akuloza kukhoma. "Tinachapitsa ku boma, tinaika mu felemu. Wanenepa chomene. Nkhope mpaka yasintha. Joni yamukonda mwana wane."

Pachithunzi, Tumbikani anali atatsamira galimoto loyera. Pambali pake panapachikidwa chithunzi china chakale, cha tsiku limene analowa mumpingo. Kezia anayandikira chakalecho.

"Chipsera cha pachibwanochi anachipeza bwanji?"

"Ngolo. Anagwa pa ngolo ali kamwana, n'kumenyetsa pachitsulo. Ndinamubereka ndekha mpaka kuchipatala, magazi ali chuchuchu pamsana panga." Anaseka. "Sanalire. Ndinalira ndine."

Kezia anatulutsa foni, n'kuika chithunzi cha Zondwayo pafupi ndi chakukhomacho. Chipsera chinali chomwecho, kukhota kwake komweko, malo ake omwewo. Amuna awiri osiyana, chilonda chimodzi.

A Mateyu anasuzumira. "Uyu ndi uja wa matabwa anapita naye limodzi. Nayenso anagwa pa ngolo?"

Kezia anabweza foni m'thumba.

"Adada, mawu a Tumbikani munawamva liti komaliza?"

Mkuluyo anakanda kumutu. Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono.

"Amayi ake ndiwo amadandaula zimenezo. Amati mwana uja anali wolongolola, angakhale miyezi yonseyi osafuna kumva mawu anga? Ine ndimawauza kuti foni inawonongeka, atero yekha. Koma Marjory, mwana wa aneba athuwa amene anapita nawo, amaimba. Amayi ake amalankhula naye Lamulungu lililonse."

Kwa anebawo sikunali kutali. Amayi ake a Marjory anaonetsa nambala mosavuta. Inali nambala ya m'dziko momwe muno.

"Akuti za kuno zimagwiranso ku Joni," anatero mayiwo.

"Muli ndi abale ena kunja kwa mudzi uno?"

"Mkulu wake wa Marjory yekha. Anakwatiwa ku Jenda."

*

Kingstone anamupeza pa depoti ya Mzimba, akuyang'anira anyamata omanga katundu mu ngolo ya minibasi. Anali wamfupi, wa wotchi yaikulu, wolankhula ngati akugulitsa malonda.

"Bwana wanga! Ine anthu anga ndimawafikitsa pakhomo. Funsani aliyense pano. Atatu amenewo ndinawatsitsa ndekha pa siteshoni ku Joni, dzuwa likuswa mtengo. Pasipoti yanga ndi iyi, zidindo zake izi."

"Munayenda pa galimoto lanji?"

"Basi, bwana. Basi yabwinobwino." Anatsitsa mawu ngati akumuuza chinsinsi. "Wadandaula ndi NyaHara eti? Ndimumvera chisoni. Koma inu mukudziwa amuna. Akafika kuja, akaona magetsi, mbwenu za kumudzi zatha. Ine ndinganyamule munthu, koma mtima wake sindingaunyamule."

Anatulutsa foni yake, n'kuyamba kuonetsa zithunzi. "Onani mmene akusangalalira. Amanditumizira okha kundithokoza."

Zinali zomwe zija. Koma pakati pake panadutsa china chimene Kezia anali asanachione, Zondwayo atakhala m'lesitilanti. Pa foni ya Selina chinalibe.

"Mkazi wake sanamutumizire chimenechi."

"Aa, mwina sanafike pomutumizira."

"Nanga za Marjory zili kuti?"

Chala cha Kingstone chinaima pa galasi la foni.

"Marjory sakonda kujambulitsa. Ali bwino, akugwira ntchito ya m'nyumba." Anatembenukira anyamata aja. "Iwe! Chingwe chimenecho mangitsa!"

Sanayang'anenso Kezia kumaso.

*

Situdiyo ya Knowledge inali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsalu. Kukhoma kunali zithunzi za maukwati ndi za ana omaliza sukulu. Mwiniwake, bambo wamagalasi wa zaka za m'ma sate, anali pa kompyuta. Kezia atamuonetsa chithunzi cha jekete lofiira, anamwetulira monyada.

"Ntchito yanga imeneyo. Simungadziwe eti? Ndi AI, bwana. Mzimba yonse ndine ndekha ndimatha."

"Ndiye munthuyu sanaime pamalo amenewa?"

"Ayi. Malowo kulibe n'komwe. Makina anangowalota."

"Tandifotokozerani ngati mukufotokozera agogo anu."

Knowledge anakankha mpando. "Makinawa sadziwa munthu. Umawaonetsa zithunzi zambiri za munthu mmodzi, chakumaso, cham'mbali, akuseka, atakwiya, mpaka aloweze nkhope yake. Kumeneko timati kuwaphunzitsa. Akaloweza, umangolemba kuti muikeni pafupi ndi galimoto, muvekeni jekete. Amakutulutsira."

"Nanga chipsera ichi?"

Knowledge anayang'ana, n'kuseka mwamanyazi. "Apo ndiye ndinachita ulesi. Choyenera n'kuphunzitsa mmodzimmodzi, aliyense payekha ndi dzina lake. Koma zimadya bandulo, zimadya nthawi, magetsi nawonso ndi awa othimathimawa. Zithunzi za anthu atatuwo zinali malo amodzi chiwajambulireni, ndiye ndinangowaponyamo onse nthawi imodzi. Ukatero makina amasokonezeka, sadziwa kuti uyu wathera pati, uyo wayambira pati. Amatenga chibwano cha uyu kuika pa uyo."

"Bamboyu analibe chala chimodzi."

"Anzake awiriwo anali nazo zonse. Makina anaona ngati ndi cholakwika, anamubwezera." Anatsegula malo ena mu kompyuta. "Onani zomwe ndinataya."

Pa galasi panadzaza nkhope. Zondwayo atavala ndolo za mkazi. Tumbikani ali ndi maso a Zondwayo. Pena munthu amene sanali aliyense mwa iwo, koma wofanana ndi onse atatu, akumwetulira mumsewu wopanda dzina.

"Anakutumani ndani?"

"A Kingstone. Anati n'zotsatsira bizinesi, anthu aziona kuti amene amawanyamula zimawayendera. Eni ake anavomera, anatero."

"Anabwera liti koyamba?"

"Sabata yomwe ndinawajambulayo isanathe. Ndinadabwa, ndimayesa ali pa ulendo. Anati wabwerera panjira, watumiza mnzake."

"Kwa ine wanena kuti anawatsitsa yekha ku Joni."

Knowledge anavula magalasi.

"Anafuna zithunzi za onse atatu?" anafunsa Kezia.

"Za amuna okha. Anati mkaziyo safunika." Anayamba kulankhula pang'onopang'ono. "Amabwera mwezi ndi mwezi kudzatenga zatsopano. Dzulo lomweli anali pano. Akufuna atavala zipewa za mphepo, poti kuja kwayamba kuzizira. Akudzatenga Lachisanu."

Knowledge anayang'ananso nkhope zija.

"Bwana, munthu wamoyo amangodzijambula yekha ndi foni. N'chifukwa chiyani wina angafune..."

Sanamalize. Anaika dzanja pakamwa.

"Musafufute kanthu," anatero Kezia. "Ndipo akabwera Lachisanu, mumulandire ngati kale."

*

Pa Jenda panali phokoso la mabasi ndi ogulitsa. Kezia anaima pafupi ndi mzere wa amayi a tomato ndi anyezi, wosavala yunifolomu, n'kuimba nambala ija. Kumapeto kwa mzere, mtsikana wowonda amene anafunda chitenje kumutu anapisa dzanja m'chilundu. Anayang'ana foni, anazengereza, kenako anayankha.

"Halo?"

"Marjory, tembenuka. Usathawe, sindinabwere kudzakumanga."

Sanathawe. Anangokhala pansi pomwepo. Kezia anamutengera kuseri kwa sitolo ina, pamatumba a chimanga, n'kumuuza kuti ndi wapolisi.

"Ndimadziwa kuti tsiku lina mudzabwera," anatero Marjory. "Ndimapemphera mubwere, ndimapempheranso musabwere."

"Zondwayo ndi Tumbikani ali kuti?"

Mtsikanayo anapotokola nsonga ya chitenje.

"Sitinakwere basi. A Kingstone anati minibasi yawonongeka, tiyambe ndi lole ya mnzawo yochokera ku Chikangawa, basi tikaipeza ku Lilongwe. Inatitenga pa mphambano m'mamawa. Inali yodzaza matabwa. Ine poti ndine mkazi anandiika kutsogolo, pakati pa iwo ndi dalaivala. Anyamatawo anakwera pamwamba."

"Kenako?"

"Dalaivala anati pa rodibuloko sadzalola anthu pamwamba pa katundu. Ndiye anawatsitsira mumpata, pakati pa matabwa ndi mutu wa lole, n'kuwafunditsa lona. Tumbikani ankaseka. Anati, Marjory, ukafika ku Joni undiuze, ine ndagona."

Anapukuta mphuno ndi chitenje.

"Kunali nkhungu. Tikutsika phiri, ng'ombe zinatulukira mumsewu. Dalaivala anaponda buleki mwamphamvu. Ndinamva chingwe chikuduka, kenako chinthu chinagunda kumbuyo kwathu mpaka mpando unandikankha. Matabwa onse anatsetserekera kutsogolo."

"Anafera pomwepo?"

"Tumbikani, enya. Sanalankhule. Koma a Zondwayo ankaitana. Ankaitana, amama. Ankati ndapota, ndichotseni, ndikupuma movutika. Ine ndinati tiimitse magalimoto atithandize, chipatala sichili kutali. A Kingstone anati tikaimitsa anthu tonse tikalowa m'ndende. Anauza dalaivala atembenuze lole. Tinabwerera mpaka kunkhalango ya paini, tinalowa kamsewu ka odula mitengo. Njira yonseyo ine ndikumva mawu kumbuyo. Mmene timaima anali atasiya."

Kezia anatseka maso kanthawi.

"Anatsitsa matabwa awiriwiri, a Kingstone ndi dalaivala. Anakumba ndi fosholo ya mu lole. Ine anandiuza kuti ndinali pomwepo, ndiye mlandu ndi wanganso, ndikayankhula adzati ndine ndinawauza abisale. Mafoni awo anatenga. Anandisiya pano pa Jenda kwa akulu anga. Kumudzi ndingapite bwanji? Amayi ake a Tumbikani amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi amayi anga. Akandifunsa kuti mwana wanga ali bwanji, ndidzati chiyani?"

"Malowo ungawakumbukire?"

Marjory anagwedeza mutu movomera.

"Ndimawaona tsiku lililonse."

*

Kingstone anamugwira Lachisanu mu situdiyo, akusankha zithunzi za zipewa za mphepo. M'chikwama chake munali mafoni awiri okhala ndi nambala za ku Joni, omwe ankalembera mabanja aja. Iye anangofunsa ngati angaimbire loya. Dalaivala anamupeza ku Chikangawa tsiku lotsatira, ndipo iye sanavute.

Kunkhalango Kezia anapita ndi dokotala, apolisi ena ndi amuna okumba. Marjory anawatsogolera mpaka pa chitsa chachikulu chopsa, n'kuloza pansi, kenako anabwerera kukakhala m'galimoto. Masamba a paini anali atakwirira malowo moti munthu akanadutsa osadziwa.

Selina anabwera ndi mlamu wake. A Mateyu anabwera okha. Kunyumba anangonena kuti aitanidwa ku boma pa nkhani ya mapepala a mwana.

Mphepo inkalira m'mitengo. Okumba atafika pa matupi okulungidwa m'lona, anavula zipewa. Dokotala anapempha abale kuti ayandikire aone zovala.

Selina anaona juzi yobiriwira, n'kugwada.

"Ndinaluka ndine," anatero. "Ndinamuuza kuti kuja kumazizira."

Sanakuwe. Anamasula mwana kumbuyo, n'kumukumbatira pachifuwa, akugwedezeka uku ndi uku. Patapita nthawi anayang'ana Kezia.

"Miyezi yonseyi ndimamukwiyira, amama. Ndimati wapeza wina. Ndinamulembera mawu oipa chomene. Kani ali pompano, pamene ankagwira ntchito."

Kezia anagwada pambali pake, n'kumugwira phewa.

A Mateyu anazindikira lamba. Anali wawo, anamupatsa mwanayo m'mawa wa ulendo chifukwa thalauza linkamukhwepa. Anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo, akuyang'ana m'dzenjemo.

"Amene ali pakhoma panga uja ndi ndani?" anafunsa.

"Si munthu, adada. Ndi makina anasakaniza nkhope zawo."

"Ndimamupatsa moni m'mawa uliwonse."

Matupi anawatengera kuchipatala kuti akawapime. Kezia anapempha galimoto la ofesi kuti aperekeze mkuluyo kwawo. Njira yonse mkuluyo ankangoyang'ana minda yokololedwa, chipewa chili pamaondo.

Atatsala pang'ono kufika, pomwe nyumba yawo inayamba kuonekera kuseri kwa nkhokwe, anagwira dzanja la dalaivala wa polisi.

"Imani pano."

"Tikufikitseni pakhomo, adada," anatero Kezia. "Ndikhoza kuwafotokozera ine amayi."

"Yayi, mwana wane. Akaona galimoto la polisi pakhomo adziwa ndisanakhale nawo pansi. Ali ndi vuto la mtima. Ndinamutuma ndine mwanayu, ndikanene ndine." Anatsika movutika. "Yewo. Mwagwira ntchito."

Anavala chipewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono m'kanjira. Pabwalo, mayi wina wachikulire ankapeta nyemba. Atawaona anaika lichero pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kuwachingamira akumwetulira.

"Mwabwerako?" mawu ake anamveka mpaka pa galimoto. "Akuti chiyani za mapepala? Abwera liti?"

A Mateyu anavulanso chipewa. Anawagwira dzanja akazi awo, n'kulowa nawo m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Dalaivala anafuna kuliza injini. Kezia anamuletsa. Anadikira m'galimotomo, mawindo ali otsegula. Nkhuku zinayamba kujompha nyemba za m'lichero, popanda wozithamangitsa.

Kenako kulira kunamveka. Amayi a nyumba zoyandikana anatuluka mmodzimmodzi, akumanga zitenje, kulunjika kwa a Zimba.

"Tiyeni," anatero Kezia.